Phunziro la mchere ndi dzira limene sukulu zikuliphonya

Wopanga soseji akagaya nyama yolemera makilogalamu 10, amawazamo mchere wokwana magalamu pafupifupi 200, kenako n'kuyamba kukanya. Sipapita nthawi, nyama imene inali yoyoyoka ija imayamba kunanda ndi kumata m'manja. Ikapsa imakhala yogwirana, yofewa, yosataya msuzi wake. Wokonza bakayawo naye amadalira mchere womwewo, koma iye alibe nazo ntchito zoyeza. Nsombayo amangoikwirira mumchere kwa masiku ambiri. Mnofu wake umakha madzi, umauma gwa, ndipo ngakhale wophika auviike usiku wonse, subwereranso mwakale.

Nyama ndi nsomba zonsezi ndi minofu, mcherenso ndi umodzi. Chimene chasiyana ndi muyeso. Mchere ukakhala wochepa umathandiza mapuloteni ambiri kusungunuka m'madzi, koma ukachulukitsa umawalanda madziwo, iwo n'kuundana. Akatswiri akhala akuidziwa mfundoyi kwa zaka zoposa 130, ndipo ndi imene imagwira ntchito poyeretsa mankhwala a munthu wolumidwa ndi njoka, poyeza matenda a sickle cell, ngakhalenso popatula DNA m'magazi. Chodandaulitsa n'chakuti mwana akhoza kumaliza Fomu 4, n'kukhoza bwino Biology ndi Chemistry pa mayeso a MSCE, asanaionepo ndi maso ake, chonsecho zofunika poionetsa ndi dzira limodzi, madzi a mvula ndi feteleza wa SA wodzaza kapu. Phunziro lotchipa chotere, lokhudza moyo wa odwala mwachindunji, siliyenera kudikira kuti munthu akafike kuyunivesite.

Puloteni iliyonse ndi chingwe chachitali cha tizigawo totchedwa ma amino acid, timene tilipo mitundu 20. Chingwecho chimadzipinda m'njira yakeyake n'kukhala kampira kosaoneka ndi maso. Kunja kwa kampirako kuli malo ena okhala ndi mphamvu ya magetsi ya pozitivu, ena ya negativu, ndiponso timalo tina tamafutamafuta tosagwirizana ndi madzi. Puloteni imakhala yosungunuka pamene kampira kalikonse kazunguliridwa ndi madzi, kakuyandama pakokha. Timipirato tikayamba kugwirana tambirimbiri, madzi amachita mbuu, kenako zoundanazo zimadikha pansi.

M'madzi opanda mchere ndi pang'ono pomwe, malo a pozitivu a puloteni imodzi amakoka malo a negativu a inzake, ndipo mapuloteni ena amagwirana mpaka kulephera kusungunuka. Mchere ukalowa m'madzi umagawika kukhala tizidutswa tamagetsi totchedwa ma ion. Wa kukhitchini umatulutsa sodium wa pozitivu ndi chloride wa negativu. Tizidutswa timeneti timaunjikana pa malo amagetsi aja n'kuwaphimba, kukokana kumachepa, timipira n'kutayana. Masamu ofotokoza kuphimba kumeneku anawalemba Peter Debye ndi Erich Hückel ku Zürich mu 1923.

Izi n'zimene zimachitika m'beseni la wopanga soseji. Puloteni yochuluka kwambiri m'minofu ndi myosin, imene katswiri wa ku Germany Wilhelm Kühne anaipatsa dzinali mu 1864. Myosin ya m'nyama simasungunuka m'madzi wamba. Imafuna madzi okhala ndi mchere wa magalamu pafupifupi 30 pa lita. Popeza magawo atatu mwa anayi a nyama ndi madzi, magalamu 200 aja amafikitsa madzi a m'nyamamo pafupi ndi muyeso umenewu. Myosin imatuluka, imamata zidutswa za nyama, ndipo ikatenthedwa imalimba itatsekera madzi ndi mafuta mkati. Anthu a ku Japan amachita chimodzimodzi ndi mnofu wa nsomba popanga kamaboko. Ku Szeged m'dziko la Hungary, Ilona Banga ndi Albert Szent-Györgyi anaona kuti nyama ikagona usiku wonse m'madzi amchere imatulutsa zonanda kuposa imene yakhalamo mphindi 20. Kufufuza kusiyana kumeneku ndi kumene kunachititsa kuti Brunó Straub atulukire actin mu 1942, puloteni yachiwiri imene imagwirizana ndi myosin kuti mnofu ukoke.

Mchere ukapitirira kuchuluka, zinthu zimatembenuka. Kadutswa kalikonse ka mchere kamafuna madzi okazungulira, ndipo kamawagwira zolimba. Zimakhala ngati pa mjigo mwezi wa Okutobala: a zidebe akachuluka, wochapa amene anakhala pambali ndi beseni lake amapezeka alibe madzi. Mapuloteni akatsala ndi madzi ochepa, timalo tamafutamafuta tija timafunana, timamatirirana, ndipo puloteni imadikha.

Phindu lonse lagona pakuti mapuloteni sadikha nthawi imodzi. Iliyonse ili ndi muyeso wake wa mchere umene imagonjera. Wothira mchere pang'onopang'ono akhoza kugwetsa gulu loyamba, kulisefa, kuonjezera mchere, n'kugwetsa lachiwiri. Edwin Cohn wa ku Harvard analemba lamulo la masamu la kugwa kumeneku mu 1925, losonyeza kuti mchere ukadutsa malire, kuonjezerapo pang'ono chabe kumachepetsa kusungunuka kambirimbiri. Mu 1931 ndi 1932 Arda Green, mayi amene ankagwira ntchito m'labotale yomweyo, anayeza himogulobini ya hatchi m'michere yosiyanasiyana ndipo anaonetsa mbali zonse ziwiri pa puloteni imodzi: kusungunuka kumakwera kaye mchere ukamayamba kulowa, kumafika pachimake, kenako kumatsika mofulumira.

Amene anayamba kuika zinthuzi m'ndondomeko ndi Franz Hofmeister, pulofesa wa za mankhwala pa yunivesite ya Chijeremani mumzinda wa Prague. Mu 1888 iye ndi wophunzira wake Lewith anafalitsa zotsatira za kuyesa michere yambiri pa madzi a m'magazi ndi pa choyera cha dzira la nkhuku. Funso lawo linali losavuta: pakufunika mchere wochuluka bwanji kuti madzi ayambe kuchita mbuu? Anapeza kuti michere simafanana mphamvu, ndipo imatsatana mwa dongosolo lomwelomwe. Ya citrate, sulphate ndi phosphate imagwetsa puloteni msanga, ya chloride ili pakati, pamene ya nitrate ndi chlorate ndi yofooka. Ofufuza a pambuyo pake anaikapo iodide ndi thiocyanate kumapeto kwa mndandandawo, ndipo iyi, m'malo mogwetsa puloteni, imaimasula n'kuisungunula. N'chifukwa chake guanidinium thiocyanate amaikidwa m'madzi ophwanyira kachirombo poyeza matenda ndi makina a PCR, monga zinkachitikira nthawi ya Covid-19. Dongosolo limeneli limatchedwa ndi dzina la Hofmeister mpaka lero, ndipo akatswiri akukanganabe pa chifukwa chenicheni chimene michere imatsatirana chonchi, kaya ndi mmene imakokera madzi kapena mmene imakakamirira pa puloteni yeniyeniyo. Mwana wa sukulu ayenera kumva kuti kuyesa kochitika ndi dzira kunasiya funso limene likusowetsabe tulo anthu a makina apamwamba.

Pa michere yonse, umene unakhala mwini ntchito ndi ammonium sulphate. Lita imodzi ya madzi imasungunula mchere wa kukhitchini wokwana magalamu 360 basi, kenako imakhuta. Lita yomweyo imasungunula ammonium sulphate woposa magalamu 700, ndipo imachita zimenezi ngakhale madzi atazizira kwambiri, zimene n'zofunika chifukwa mapuloteni amasungika bwino pozizira. Mcherewu ndi wotchipanso, popeza mafakitale amaupanga wambiri. Mlimi wa mpunga, wa ndiwo zamasamba kapena wa tiyi amaudziwa bwino: ndi feteleza uja wa SA, wokhala ndi nitrogen magawo 21 ndi sulphur magawo 24 pa 100 alionse. Wa m'labotale amakhala woyeretsedwa kwambiri, koma ndi chinthu chimodzimodzi. Madzi akakhuta theka ndi mcherewu, mapuloteni a gulu la globulin amadikha. Gulu la albumin limapirira mpaka madzi atayandikira kukhuta kotheratu.

Pali chinthu china chimene chimasiyanitsa njirayi ndi kuphika. Dzira likawira, mapuloteni ake amamasuka, amapiringizana, ndipo palibe madzi amene angawasungunulenso. Bakayawo nayenso sabwerera chifukwa myosin ndi yosachedwa kuwonongeka, ndipo yakhala mumchere ndi padzuwa nthawi yaitali. Koma puloteni yogwetsedwa ndi ammonium sulphate pamalo ozizira kawirikawiri imakhala yosawonongeka. Imangokhala yosowa madzi. Ikathiridwa madzi atsopano imasungunukanso n'kugwira ntchito yake monga kale. Makampani ena amagulitsa ma enzyme ali chidikhire mumchere womwewu chifukwa amakhalitsa. Hofmeister mwiniwake, pofika 1890, anali atagwiritsa ntchito mcherewu kupanga timiyala ta albumin ya dzira, umene unali umboni wakuti puloteni ikhoza kupatulidwa yoyera.

Za kumunda nazo zimalowa m'nkhaniyi. Thomas Osborne, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa malo ofufuzira zaulimi ku New Haven m'boma la Connecticut, anagawa mapuloteni a mbewu m'magulu anayi potengera chimene chimawasungunula, ndipo buku lake lofotokoza zimenezi linatuluka mu 1909. Gulu loyamba limasungunuka m'madzi okha, lachiwiri m'madzi amchere wochepa, lachitatu m'mowa wa spiriti wosakaniza ndi madzi, lachinayi m'madzi a asidi kapena a soda. Mapuloteni ambiri a nyemba, mtedza ndi soya ali m'gulu lachiwiri lija: phaseolin wa nyemba, arachin wa mtedza, glycinin wa soya. Zein, puloteni yaikulu ya chimanga, ili m'gulu lachitatu, ndipo mchere suisuntha. Aliyense wofuna kupanga ufa wa puloteni kuchokera ku soya wa ku Mchinji kapena ku zotsalira za mtedza woyengedwa mafuta, m'malo mongogulitsa mbewu yosakonza, amayambira pa kudziwa kuti puloteniyo isungunuka pa mchere ndi asidi wochuluka bwanji, nanga idikha pati.

Koma kumene mfundoyi imapulumutsa moyo moonekeratu ndi pa mankhwala a ululu wa njoka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse atalumidwa ndi njoka, ndipo odulidwa ziwalo kapena kulumala amachuluka pafupifupi katatu kuposa pamenepa. Ambiri ndi alimi, abusa a ziweto ndi ana a m'midzi ya ku Africa ndi ku Asia. Mu 2017 bungweli linaika vutoli pa mndandanda wa matenda a m'madera otentha amene dziko limawanyalanyaza.

Chiyambi cha kapangidwe ka mankhwalawa sichinasinthe kuchokera pamene Albert Calmette wa ku France anayamba kuwapanga m'zaka za m'ma 1890. Hatchi imabayidwa ululu wochepa kwambiri, n'kumauonjezera pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, mpaka thupi lake litapanga mapuloteni olimbana ndi ululuwo, otchedwa ma antibody. Kenako amaipopa magazi n'kupatula madzi a m'magaziwo. M'madzi amenewa mumakhalanso mapuloteni ena ambiri a hatchi, makamaka albumin, amene wodwala alibe nawo ntchito. Kale anthu ankabayidwa madziwo osayeretsa, ndipo ambiri ankatupa, kutuluka zidzolo, kutentha thupi ndi kuphwanya m'mfundo. Madokotala Clemens von Pirquet ndi Béla Schick anafotokoza matenda obwera ndi jakisoni wotereyu ku Vienna mu 1905.

Mchere ndi umene unachepetsa vutoli. Ma antibody ali m'gulu la globulin, choncho amadikha madzi akakhuta ammonium sulphate pakati pa gawo limodzi mwa atatu ndi theka, albumin ikadali yosungunuka. Mu 1939 C. G. Pope wa ku labotale za Wellcome ku England, poyeretsa mankhwala a diphtheria, anaonjezerapo njira yodula ma antibody ndi pepsin kuti mbali imene siigwira ululu itayidwe. Zodikhazo amazisefa, amazisungunulanso, ndipo mchere amauchotsa podutsitsa madziwo pa kachikopa kokhala ndi timabowo tolola tizidutswa ta mchere kutuluka koma totsekereza puloteni. Mafakitale ambiri opanga mankhwala a njoka akugwiritsabe ntchito pepsin ndi ammonium sulphate. Mankhwala a SAIMR, opangidwa ku Johannesburg ndi South African Vaccine Producers, amene amagwira pa njoka za mitundu 10 kuphatikizapo mphiri ndi mamba, ndi a mtundu wodulidwa ndi pepsin umenewu.

Chitsanzo china chili pafupi kwambiri ndi mabanja a kuno. Ana oposa 300,000 amabadwa ndi matenda a sickle cell chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa muno, Malawi ndi Zambia momwemo. Mu 1949 Linus Pauling, Harvey Itano ndi anzawo ku California anaonetsa kuti vuto lili mu himogulobini, puloteni yonyamula mpweya m'magazi. Pofika 1957 Vernon Ingram ku Cambridge anali atapeza pamene panalakwika. Pa tizigawo 146 ta chingwe chimodzi cha himogulobini, kagawo ka nambala 6 kokha ndi kamene kanasintha. Pamene panayenera kukhala glutamic acid, wokhala ndi mphamvu ya magetsi, pali valine, wamafutamafuta. Kamalo kamodzi kodana ndi madzi kameneka n'kokwanira kuti himogulobini imene yatula mpweya igwirane ndi inzake n'kupinda khungu la selo lofiira la magazi.

Mu 1953 Itano anasandutsa kufooka kumeneku kukhala njira yoyezera. Dontho la magazi limathiridwa m'kachubu ka madzi okhala ndi mchere wambiri wa phosphate, pamodzi ndi mankhwala ochotsa mpweya mu himogulobini. Muyeso wa mcherewo unasankhidwa mwadala kuti ukhale pakati: wokwanira kugwetsa himogulobini ya sickle, wosakwanira kugwetsa yabwinobwino. Pakapita mphindi zochepa, woyeza amaika pepala la mizere kuseri kwa kachubuko. Mizere ikamaoneka, himogulobini ya sickle mulibe kapena ndi yochepa kwambiri. Ikabisika ndi mbuu, ilimo. Njirayi siifuna makina odula, n'chifukwa chake yafala m'zipatala za m'mayiko osauka.

Apa ndi pamene pamaonekera kusiyana kwa woyeza woloweza ndi woyeza womvetsa. Kachubu kambuu sikanena ngati munthu akudwala kapena wangotengera mbewu ya matendawa kwa kholo limodzi, poti onse awiri ali nayo himogulobini ya sickle. Khanda losakwana miyezi 6 likhoza kuonetsa madzi oyera mbee pamene matenda lili nawo, chifukwa magazi ake akadali odzala ndi himogulobini ya m'mimba, imene mcherewo suigwetsa. Mwana wochepa magazi kwambiri, kapena amene wangothiridwa kumene magazi a munthu wina, akhozanso kupusitsa kachubu. Wodziwa kuti kuyezaku n'kupikisana kwa mchere ndi puloteni pa madzi sangauze mayi wa khanda kuti apite kwawo mwana ali bwino. Adzamutumiza kukayezetsa ndi njira ina yosiyanitsa mitundu ya himogulobini. Ana ambiri a sickle cell mu Africa amamwalira asanakwanitse zaka 5, nthawi zambiri asanadziwike n'komwe kuti akudwala chiyani, ndiye yankho lolakwika pa msinkhu umenewu likhoza kutayitsa moyo.

Si kuti mchere umachita zonse. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Cohn atapemphedwa kupatula albumin ya munthu yochuluka yothandizira asilikali ovulala, anasiya ammonium sulphate n'kusankha mowa wa ethanol wozizira, chifukwa kuchotsa mchere m'malita ambirimbiri kunkatenga nthawi ndipo kunkapereka mpata kwa mabakiteriya. Albumin yake inathandiza anthu opsa ndi moto ku Pearl Harbor mu Disembala 1941, ndipo njira yochokera kwa iye ndi imene National Bioproducts Institute ya ku Pinetown, pafupi ndi Durban, imapatulira madzi a m'magazi. Ku Costa Rica, Instituto Clodomiro Picado imayeretsa mankhwala a njoka ndi caprylic acid, amene amagwetsa mapuloteni osafunikawo n'kusiya ma antibody m'madzi. Komabe njira zonsezi zikuyankha funso lomwe lija la Hofmeister, loti puloteni iyi idikha liti pamene inzakeyo ikadali yosungunuka, ndipo ngakhale Cohn ankayeza kuchuluka kwa mchere pa sitepe iliyonse. Timiyala ta myoglobin ya namgumi timene John Kendrew anagwiritsa ntchito mu 1958 poonetsa koyamba mmene puloteni imapindikira tinamera mu ammonium sulphate. Mu 1988 Miller, Dykes ndi Polesky ku Minneapolis anaonetsa kuti madzi okhuta mchere wa kukhitchini amagwetsa mapuloteni a m'maselo a magazi n'kusiya DNA, popanda phenol ndi chloroform, mankhwala oopsa kwa wogwira ntchito. Malabotale a ndalama zochepa akuidalirabe njirayi.

Zonsezi mphunzitsi akhoza kuziyala pa tebulo m'piriyodi ziwiri. Choyera cha dzira limodzi chimasakanizidwa ndi madzi a mvula ochuluka kakhumi. Madzi a pa mjigo sayenera chifukwa amakhala kale ndi michere yake. Osakanizawo amachita mbuu pang'ono, poti ma globulin asowa mchere. Kuwazamo mchere wa kukhitchini wotapa ndi zala kumachotsa mbuu wambiri, ndipo ophunzira aona mbali yoyamba. Pambali, feteleza wa SA amasungunulidwa m'madzi mpaka atakana kusungunuka, n'kusefedwa kuti zinyalala zichoke. Madzi a dzira aja akasakanizidwa ndi madzi okhutawa muyeso wofanana, zoyera zimayamba kuundana. Zikasefedwa, madzi otsalawo amaoneka ngati mulibenso kanthu, koma kuthiramo timibulu tina ta SA mpaka atakhuta kumagwetsa gulu lachiwiri, lochuluka kuposa loyamba. Imeneyo ndi albumin ya dzira, imene imapitirira theka la mapuloteni onse a m'choyeracho. Chomalizira ndi kutapa zodikhazo n'kuziika m'madzi atsopano, pamene zimasungunukanso, kenako kuwiritsa gawo lina kuti ophunzira aone kuti lowiritsalo silibwereranso. Chenjezo lake ndi wamba: feteleza salawa, ndipo aliyense asambe m'manja akamaliza.

Aphunzitsi ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira. Silabasi ndi yodzaza kale, makalasi ndi othithikana, ndipo sukulu zambiri za CDSS zilibe labotale. Koma kusowa kwa labotale ndi kumene kukupangitsa kuyesa kumeneku kukhala koyenera, poti sikufuna magetsi, gasi kapena mankhwala oitanitsa kunja. Makapu oonekera mkati ndi mapepala osefera n'zokwanira. Sikufunanso mutu watsopano m'silabasi. Kusungunuka kwa zinthu ndi njira zopatulira zosakanikirana zili kale mu Chemistry, mapuloteni ali kale mu Biology. Pakadali pano wophunzira amaphunzira kuzindikira puloteni poona madzi a Biuret akusintha mtundu, n'kuthera pomwepo. Saona kuti puloteni ndi chinthu chimene angachigwetse, kuchisefa, kuchisiyanitsa ndi chinzake, n'kuchibwezeretsa.

Ena anganene kuti dzira ndi feteleza sizingamange fakitale ya mankhwala a njoka, ndipo akunena zoona. Fakitale yotere imafuna mahatchi osamalidwa bwino, malo owetera njoka, mafiriji osazima, zoyezera ukhondo ndi ndalama zambiri. Koma dziko limene limagula mankhwalawa kunja limafunabe anthu owamvetsa: owunika a bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority asanawavomereze, osunga mankhwala m'zipatala za m'maboma, anamwino ndi akilinikala owabaya. Malangizo a kasamalidwe ka olumidwa ndi njoka amachenjeza kuti botolo la mankhwala amadzi limene lachita mbuu lisagwiritsidwe ntchito, chifukwa mapuloteni ake aundana, mphamvu yachepa, ndipo chiopsezo choti thupi liwakane chakula. Namwino amene anagwetsapo puloteni ndi manja ake ali Fomu 3 adzaunika botololo pa kuwala asanalowetse singano, ndipo adzadziwa chimene akuyang'ana.

Ntchito yotsala ndi yaing'ono ndipo eni ake akudziwika. A Malawi Institute of Education, amene amakonza silabasi ku Domasi, aike tsamba limodzi la kuyesa kumeneku m'buku la mphunzitsi, lokhala ndi miyeso yeniyeni ndi zitsanzo za sickle cell ndi za njoka. Makoleji a Domasi ndi Nalikule awonetsetse kuti mphunzitsi aliyense wa sayansi wakuchitapo yekha asanapite kukaima kutsogolo kwa kalasi, ndipo sukulu zophunzitsa oyeza magazi ziyambire pa dzira zisanafike pa kachubu ka phosphate. Mphunzitsi amene sakufuna kudikira zonsezi akhoza kuyamba teremu yachiwiri, imene imatsegulira mu Januwale, pamene madzi a mvula akutsika padenga la sukulu ndipo feteleza wa SA akupezeka m'masitolo a zaulimi.